Kusamuka nyumba sikusamutsa dzina m'kaundula wa zisankho

Munthu akasamukira m'wodi ina, katundu amapita naye koma dzina lake limatsala m'kaundula wa kumene analembetsera. Pa tsiku loponya voti, ogwira ntchito a bungwe la MEC amayang'ana m'kaundula wa pamalo pawo, ndipo amene dzina lake mulibe amabwezedwa ngakhale ataonetsa chiphaso cha unzika.

Kusamutsa dzina kumachitika pa masiku amene bungweli limalengeza chisankho chisanafike, ndipo mwini dzina amapita yekha kumalo atsopanowo. Wophonya nthawiyi angathe kuvota ndithu, koma kumene anachoka. Chodandaulitsa n'chakuti kumeneko adzasankha khansala wa wodi imene anaisiya, pomwe wokayankhula kukhonsolo za mjigo ndi mlatho wa kumene akukhala tsopano adzasankhidwa ndi ena.