Kusunga ndi kusambitsa agalu pakhomo: phindu limayambira pachipata

Amayi anzanga, m'mizinda yathu muli ntchito ina imene ambiri sitiiganizira. Ku Area 10 ndi Area 43 ku Lilongwe, kapena ku Namiwawa ndi Nyambadwe ku Blantyre, kuli mabanja oweta agalu aubweya wambiri, ofunika kusambitsidwa, kupesedwa ndi kuwengedwa zikhadabo. Ikafika Khirisimasi kapena tchuthi, eni ake amanyamuka ulendo ndipo amasowa womusiyira galu. Mayi amene ali ndi mpanda wolimba ndi madzi okwanira angathe kupezapo ndalama. Koma galu wamwini akamalowa pakhomo panu amalowa ndi matenda ake, ndipo pakhomopo pali ana anu. N'chifukwa chake galu aliyense ayenera kuunikidwa asanadutse pachipata.

Khadi la katemera

Musalandire galu amene mwini wake sanakuonetseni khadi la katemera wa chiwewe. Werengani nokha tsiku limene anabayidwa. Mwana wa galu amabayidwa akakwana miyezi itatu, ndipo katemerayu amabwerezedwa chaka ndi chaka. Galu wobayidwa koyamba dzulo sanatetezeke, pakuti katemera amafuna masabata atatu kapena anayi kuti agwire ntchito.

Musachite manyazi pa nkhaniyi, ngakhale mwini galu akhale bwana wamkulu. Bungwe la WHO likuti chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ndipo anthu 4 mwa 10 alionse ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba, ife a chipatala tilibe mankhwala ochiza. Ku Blantyre, bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu kuyambira 2015, ndipo ku Lilongwe kuli LSPCA. A vetenale a boma nawonso amabaya. Mwini galu alibe pozembera.

Funsaninso za katemera wa parvo. Matendawa amachititsa ana agalu kusanza ndi kutsekula m'mimba kwa magazi, ndipo kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri. Kakalowa pakhomo panu, agalu a makasitomala ena adzatengera, bizinesi n'kuthera pomwepo.

Wina akalumidwa

Ngakhale galu wofatsa amaluma akakhala pamalo achilendo. Wina akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Musathirepo mchere, phulusa kapena ubweya wa galuyo. Galuyo musamuphe: mutsekereni payekha, dziwitsani a vetenale ndipo aonedwe kwa masiku 10. Inu amene mudzagwira agalu tsiku ndi tsiku, funsani kuchipatala za katemera wodzitetezera musanalumidwe komanso wa kafumbata.

Mankhwala a nkhupakupa ndi utitiri

Dipi ndi poizoni. Sungunulani monga mwalembedwera pabotolo, valani magolovesi, ndipo sambitsirani panja podutsa mphepo. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asiyire wina ntchito imeneyi. Musasunge dipi m'botolo la zakumwa, chifukwa mwana waludzu sawerenga. Mutsekereni mukabati yokhoma. Madzi otsala musawataye mungalande kapena pafupi ndi chitsime.

Galu akadwala, musamupatse mankhwala athu a ululu. Ibuprofen amawononga m'mimba ndi impso za galu. Imbirani mwini wake ndi a vetenale.

Ukhondo wa pakhomo

Ndowe za agalu zimakhala ndi mazira a njoka za m'mimba. Mwana akamaseweretsa dothi n'kuika zala m'kamwa amameza mazirawo, ndipo nthawi zina amafika powononga diso. Wolani ndowe m'mawa ndi madzulo, muzikwirira m'dzenje lakuya kutali ndi dimba la masamba. Khola likhale la simenti kuti muzitha kulitsuka ndi Jik. Beseni, thaulo ndi mbale za agalu zisasakanikirane ndi za kukhitchini. Galu aliyense akhale ndi chipinda chake, makamaka wamkazi amene ali pa nthawi yofuna amuna, ndipo ana asaloledwe kumakolako.

Anansi ndi malamulo

Agalu anayi akayamba kuuwa pakati pa usiku, mzere wonse wa nyumba sugona. Musanagule ndi simenti yomwe, lankhulani ndi anansi anu, mfumu ya dera ndi eni nyumba ngati mukuchita lendi. Pitani kukhonsolo ya mzinda mukafunse za chiphaso cha bizinesi ndi malamulo osungira ziweto m'dera lanu. Kuyamba mobisa kumathera pa milandu.

Lembani pangano ndi mwini galu aliyense: tsiku lobweretsa ndi lodzatenga, chakudya chimene galuyo anazolowera, nambala ya vetenale wake, ndi amene adzalipire galu akadwala. Landirani theka la ndalama poyamba, chifukwa ena amachedwa kubwera pamene galu akudyabe.

Ngati mukufuna kukongola ku banki m'khonde, ndalamazo ziyambe zapita ku mpanda, khola ndi madzi. Makina ometera adzabwera pambuyo. Yambani ndi agalu awiri. Akabwerera kwawo ali athanzi, eni akewo ndi amene adzakuitanireni ena.