KASAMALIDWE KA MPANDA WA HIBISCUS

Munthu woyenda m'miseu ya ku Highridge, m'mzinda wa Kabwe, aona nyumba zina zozingidwa ndi mpanda wobiriwira wa maluwa akuru ofiira. Mtengo umenewu ndiwo hibiscus. Unacokera ku maiko ofunda a kutsidya kwa nyanja, koma abale ace tiwadziwa tonse: therere, thonje, lumanda ndi cidede, zonsezi ndi za banja limodzi. Cifukwa cace mlimi wodziwa kusamala therere sadzabvutika nao mtengowu.

Ubwino wace suli kukongola kokha ai. Ku Kabwe, kumene kale kunali kuchedwa Broken Hill, mtobvu unapezeka m'caka ca 1902, ndipo mgodi unatsekedwa m'caka ca 1994. Koma mtobvu suola. Unatsala m'dothi ndi m'pfumbi la madera ozungulira mgodi, ndipo uononga ana ang'ono koposa onse, pakuti ubweza m'mbuyo nzeru ndi kukula kwao. Mpanda wothithikana pamodzi ndi udzu wobzalidwa pabwalo zicepetsa pfumbi lofika pakhomo. Sizicotsa mtobvu, koma zithandiza.

Kabzalidwe

Hibiscus sabzala ndi njere, koma ndi nthambi, monga ticitira ndi cinangwa. Mvula itakhazikika, m'December kapena m'January, dulani nthambi zokhwima pang'ono, zonenepa ngati pensulo, zotalika mainchi 9. Cotsani masamba a m'munsi, nimuzike theka la nthambiyo m'dothi lofewa losanganiza ndi manyowa oolerana. Siyani mapazi awiri pakati pa mtengo ndi unzace. Mizu ituruka patapita miyezi iwiri, ndipo musafukule kuti muone. Kuona maso a nkhono nkudekha. Sankhani malo a dzuwa, pakuti pamthunzi mtengo ungotalika osacita maluwa. Musatenge dothi ku milu ya ku mgodi kapena m'ngalande zocokera kumeneko.

Masamba acikasu

Ili ndilo dandaulo la anthu ambiri, ndipo magwero ace ndi osiyana. Yambani mwapisa cala m'dothi. Likakhala lonyowa ndi lomata, madzi acuruka ndipo mizu iri kuola. Lekani kuthirira, nimukumbe kangalande kotaya madzi. Likakhala louma gwa, monga m'September ndi m'October, thirirani kwambiri kawiri pa sabata, nimuphimbe pansi ndi udzu wouma. Masamba ansonga akacita cikasu koma mitsempha yace niikhala yobiriwira, kawirikawiri ndiye kuti mwathira phulusa lambiri patsinde. Lekani phulusa, onjezani manyowa. M'June ndi m'July masamba ena ayoyoka cifukwa ca cisanu. Imeneyi si nthenda, mtengo udzaphukanso kukayamba kufunda.

Maluwa oyoyoka

Duwa la hibiscus likhala tsiku limodzi kapena awiri basi, pamenepo lifota. Ndico cibadwa cace, musadere nkhawa. Koma maluwa akamagwa asanamasule, ndiye kuti mtengo uli kumwa madzi modukizadukiza, kapena pansonga pali tizirombo.

Tizirombo

Tembenuzani tsamba, muyang'ane kunsi kwace. Nsabwe za zomera ziunjikana pansonga zanthete ndi kuyamwa madzi a mtengo, ndipo masamba apiringizika. Tina tioneka ngati ufa woyera wokakamira m'mphanda za nthambi. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika, dziwani kuti zilondola madzi otsekemera amene tiziromboti titurutsa. Sungunulani kacidutswa ka sopo m'ndowa ya madzi, nimuwaze madzulo, dzuwa litapepa, kunsi kwa masamba. Bwerezani patapita masiku 7. Nthambi zogwidwa kwambiri ziduleni ndi kuzitentha.

Mtengo ukafota dothi liri lonyowa, fukulani muone mizu. Ikakhala ndi timapundu, muli tinyongolotsi tosaoneka ndi maso. Zulani mtengowo, muutenthe, ndipo pamalopo musabzalepo therere, lumanda, fodya kapena matimati, pakuti nazonso zigwidwa.

Inu olima thonje cenjerani. Kacirombo kofiira ka mawanga akuda, kamene kadetsa thonje, kadyanso njere za zomera za banja limeneli. Lumanda ndi therere zikatha kubala, zulani mapesi ace, musawasiye m'munda kufikira dzinja lina.

Kutengulira

M'August, cisanu citatha, dulani gawo limodzi mwa magawo atatu a nthambi iriyonse ndi mpeni wakuthwa. Maluwa aturuka pa nthambi zatsopano, cotero mpanda wotengulira ucita maluwa ambiri ndi kuthithikana kufikira pansi. Mitengo ikali yaing'ono icingireni ndi minga, cifukwa mbuzi ziikonda kwambiri.

Mau kwa amai

Lumanda ndi ndiwo yabwino, makamaka yotendera. Koma wobzala pafupi ndi mgodi wakale abzale m'dothi locokera kutali, losanganiza ndi manyowa ambiri. Tsukani masamba m'madzi oyera kawiri kapena katatu musanaphike, pakuti moto suononga mtobvu. Ana asambe m'manja asanadye, ndipo asamasewere pa dothi lopanda udzu.

Mukaona nthenda imene simuidziwa, thyolani nthambi yodwalayo, mupite nayo kwa Mlangizi wa Malimidwe wa kwanuko.