Nyali za pansi pa mabatani zimamva malamulo

Dzuwa likalowa pa Nsaru ntchito zambiri zimaima, koma za pa laputopu ndi pomwe zimayamba. Mphunzitsi yemwe usana onse adali m'kalasi amapeza mpata wotayipa mayeso. Mlembi wa kalabu ya alimi a mtedza naye amakhala akulowetsa mayina ndi makilogalamu a tsikulo. Ntchito ili mkati, magetsi aja phethi!

Sikirini imawalabe, koma zilembo za pa mabatani sizionekanso. Ena amaluma tochi, ena amayatsa ya pa foni mpaka foniyo kutha moto. Alipo ena amene amayandikiza kandulo, phula n'kumadonthera pa makina a ndalama zambiri.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti malaputopu ena ali ndi tinyali pansi pa mabatani a kiyibodi. Mwini wake akhoza kutiyatsa, kutichepetsa mphamvu, kutithimitsa, ndipo pa makina ena ngakhale kutisintha mtundu, pongolemba mzere umodzi wa mawu.

Kwa wina zimenezi zingaoneke ngati zachibwana, koma kwa anthu a madera ngati Kabudula ndi Nambuma kuwala si chinthu chosewera nacho. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 pa 100 alionse m'dziko muno ndiwo ankaunikira nyumba zawo ndi magetsi, pomwe oposa theka ankadalira tochi ya mabatire. Ngakhale omwe ali pa mawaya a ESCOM sadaiwale zomwe zidachitika mu January 2022, pomwe namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire. Dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthimathima kudakula mpaka makinawo atayambanso kugwira ntchito mu 2023.

Kwa munthu yemwe amatchaja laputopu pa sola, kapena amalipira kuti amutchajire pa sitolo, moto wa m'batire ndi ndalama. Tinyali ta kiyibodi sitidya moto wofanana ndi sikirini, komabe timadya. Kutisiya tikuwala masana kuli ngati kusiya koloboyi akuyaka dzuwa lili paliwombo.

Njira yapafupi yotiyatsira ndi batani. Pa malaputopu a Lenovo ThinkPad omwe ali ndi tinyaliti, mumadina Fn pamodzi ndi batani lalitali lam'munsi lija. Pa ena, monga a Dell ndi HP, bataniro limakhala pa mzere wapamwamba ndipo limakhala ndi kachithunzi ka kiyibodi yowala.

Vuto n'lakuti malaputopu ambiri omwe amafika m'misika yathu ndi akaunjika. Adagwira kale ntchito zaka zingapo m'maofesi a kunja, kapena adatumizidwa ndi m'bale wa ku South Africa. Mwina batani lija lidafa, mwinanso pulogalamu ya kampani yomwe inkayendetsa mitundu idafufutidwa kalekale. Apa ndi pomwe kulemba malamulo kumathandiza.

Aliyense yemwe adatumizapo ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba poyamba ndi nyenyezi n'kulemba manambala akudziwa kale mmene zimayendera. M'malo modina zithunzi, mumalemba zomwe mukufuna ndipo makina amachita. Pa kompyuta malo olemberamo malamulowa ndi kawindo kakuda kotchedwa Terminal.

Njirayi imayenda bwino pa makompyuta a Linux, pulogalamu yaulere yoyendetsera kompyuta yomwe adayambitsa Linus Torvalds wa ku Finland mu 1991. Mtundu wake wodziwika kwambiri ndi Ubuntu, womwe udatuluka mu 2004 motsogozedwa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Dzinalo tanthauzo lake ndi umunthu womwe timaudziwawu. Linux yakopanso anthu ena chifukwa kampani ya Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 October 2025, chonsecho malaputopu akale ambiri sakwanitsa kunyamula Windows 11.

Pa Ubuntu, Terminal imatseguka mukadina Ctrl, Alt ndi T nthawi imodzi. Choyamba funsani kompyutayo kuti ili ndi nyali zanji. Lembani mzere uwu kenaka mudine Enter:

ls /sys/class/leds

Pa mndandanda womwe utuluke, yang'anani dzina lothera ndi kbd_backlight. Pa ThinkPad limakhala tpacpi::kbd_backlight, pa Dell limayamba ndi dell, pa Asus limayamba ndi asus. M'kati mwa dzinali muli kafayilo kotchedwa brightness komwe kamasunga nambala imodzi yokha, ndipo nambalayo ndi yomwe imauza tinyali mphamvu yowalira. Pa ThinkPad, 0 ndi kuthima, 1 kuwala pang'ono, 2 kuwala kwambiri. Pofuna kuwala pang'ono mumalemba motere:

echo 1 | sudo tee /sys/class/leds/tpacpi::kbd_backlight/brightness

Kompyuta idzakufunsani mawu anu achinsinsi, ndipo mukawalemba mabatani adzawala nthawi yomweyo. Kukacha, bwerezani mzere womwewo koma pa 1 muike 0. Pa makina ambiri a Dell mulinso kafayilo kena, stop_timeout. Mukalembamo 10s, tinyali timathima tokha pakatha masekondi 10 osakhudza batani, ndipo timayakanso mukayamba kutayipa.

Nanga mitundu? Iyi imapezeka makamaka pa malaputopu opangidwira masewero a pa kompyuta, omwe achinyamata amawakonda chifukwa amaphethira ngati nyali za kudisiko. Kanyali kalikonse ka makina oterewa kali ndi timbali titatu: kofiira, kobiriwira ndi kabuluu. Kalikonse kamatha kuwala pa mlingo woyambira 0 mpaka 255, ndipo mukasakaniza milingoyi mumapeza mitundu yoposa 16 miliyoni.

Polemba lamulo, mtundu umatchulidwa ndi zilembo kapena manambala asanu ndi imodzi. Ziwiri zoyamba n'za kufiira, zapakati n'za kubiriwira, zomaliza n'za buluu. 00 ndiye kuti mbali imeneyo yathima, FF ndiye kuti yayaka yonse. Motero FF0000 ndi wofiira, 00FF00 wobiriwira, 0000FF wabuluu, FFFF00 wachikasu, pomwe FFFFFF ndi woyera.

Pali pulogalamu yaulere yotchedwa OpenRGB yomwe imamva manambalawa, ndipo imapezeka pa Linux ndi pa Windows pomwe. Mukaiika m'kompyuta, lamulo loti openrgb --list-devices limakuonetsani ngati yaizindikira kiyibodi yanu. Ngati yaizindikira, lembani:

openrgb --color FF0000

Mabatani onse adzafiira psuu. Si laputopu iliyonse yomwe OpenRGB imaidziwa. Ya Asus ROG, mwachitsanzo, ili ndi pulogalamu yakeyake pa Linux yotchedwa asusctl.

Kusankha mtundu si nkhani ya kukongola kokha. Kuti kuwala koyera kutuluke, timbali tonse titatu timayaka, pomwe kofiira kamayatsa kamodzi, choncho moto umapita wochepa. Kuwala kofiira sikuthobwanso m'maso omwe azolowera mdima, n'chifukwa chake akatswiri oona nyenyezi amagwiritsa ntchito tochi zofiira. M'nyumba ya chipinda chimodzi momwe ana agona pambali, kiyibodi yofiira pang'ono siwadzutsa ngati yophethira mitundu yonse. Tizilombo touluka usiku, monga ngumbi za m'dzinja, timathamangiranso kwambiri kuwala koyera ndi kwabuluu kusiyana ndi kofiira, ngakhale sikirini payokha imatikopabe.

Koma pali zomwe lamulo silingachite. Ngati kiyibodi ilibe tinyali, palibe mzere womwe ungatibweretse. Ngati tinyalito ndi toyera tokhatokha, monga zilili pa malaputopu ambiri a m'maofesi, sitidzafiira ngakhale mutalemba FF0000 usiku onse. Makina amtundu umodzi akhozanso kusiyana, ena kukhala ndi tinyali ena ayi, makamaka ngati kiyibodi idasinthidwapo.

Choncho amene akukwera minibasi pa Namitete kapena pa Mpingu kukagula laputopu mumzinda wa Lilongwe asamangomva za wogulitsa. Amuuze ayatse tinyalito iye akuona, ataphimba kiyibodi ndi dzanja kapena nsalu kuti kuwalako kuoneke. Asakopekenso ndi utawaleza wa pa mabatani n'kuiwala kufunsa za batire. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: makina a masewero nthawi zambiri amatha moto msanga, ndipo kwa munthu wodalira sola, laputopu yosunga moto ya tinyali toyera imaposa yonyezimira.

Chenjezo lina ndi la liwu loti sudo. Liwuli limapatsa lamulo mphamvu zonse pa kompyuta, moti mzere wolakwika ukhoza kufufuta zinthu zofunika. Musamakopere lamulo lililonse lomwe mwalipeza pa WhatsApp musadadziwe ntchito yake. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono n'zosiyana mu Linux, ndipo mpata umodzi ukasowa lamulo limakana. Yemwe akufuna kulawa kaye akhoza kuyendetsa Ubuntu kuchokera pa fulashi osafufuta Windows, koma asadaiike mokhazikika ayambe wasunga mafayilo ake pena.

Mphunzitsi wa pa Nsaru uja safunika kuloweza zonsezi. Mizere iwiri, woyatsira ndi wothimitsira, itakopedwa bwino kuseri kwa kope la sikimu, ikukwana. Magetsi akadzathimanso tochi idzatsalira ana owerenga, ndipo mayeso adzafika pa tebulo la ahedi m'mawa wake.