Intaneti imatsegula khomo, koma wamalonda amapatsa amene akumukhulupirira

CHITUNGWIZA, Zimbabwe – Pamene boma la Zimbabwe linalamula anthu kukhala m'nyumba pa 30 Malichi 2020 pofuna kuchepetsa kufala kwa Covid-19, mabanja ambiri a m'tauni ya Chitungwiza anasowa mtengo wogwira. Anthu ochuluka a m'tauniyi, yomwe ili kummwera kwa mzinda wa Harare, amadya zimene apeza tsiku lomwelo pogulitsa timalonda kapena pogwira maganyu.

M'mwezi wa Epulo chaka chomwecho, Mayi Samantha Murozoki, omwe anaphunzira za malamulo, anayamba kuphikira anansi awo ku Seke. Tsiku loyamba anadya anthu 24. Ndalama zitatha, mayiwa anasinthanitsa zovala ndi nsapato zawo ndi chakudya. Nkhaniyi itamveka pa Twitter ndi Facebook, anthu akufuna kwabwino ndi amalonda anayamba kubweretsa ufa, nyemba ndi mafuta ophikira, ndipo posakhalitsa anthu oposa 1,000 ankalandira phala m'mawa kapena nsima madzulo. Umu ndi mmene bungwe la Kuchengetana Trust linadziwikira.

Koma m'mwezi wa Meyi khonsolo ya Chitungwiza inalamula kuti ntchitoyi iime kaye, ponena kuti malowo analibe chilolezo. Anthu ambiri atadandaula, kuphika kunayambiranso. Nkhaniyi ikuonetsa mbali ziwiri za kupempha thandizo pa intaneti: uthenga umafika kutali m'kanthawi kochepa, koma thandizo limapitirira pokhapokha bungwe likhale ndi mapepala oyenera komanso mbiri yabwino.

Choyamba ndi kalembera

Ku Zimbabwe, mabungwe othandiza ovutika amalembetsa potsatira lamulo lotchedwa Private Voluntary Organisations Act, kudzera ku unduna woona za ntchito ndi chisamaliro cha anthu. Lamuloli linasinthidwa mu Epulo 2025, ndipo kusinthaku kunakhwimitsa kalembera ndi kayang'aniridwe ka mabungwe, kuphatikizapo amene kale ankangogwira ntchito ngati ma trust.

Kwa mwini sitolo, nambala ya kalembera ndi umboni woti katundu wake sakathera pamsika. Woyang'anira nthambi ya sitolo yaikulu sangatulutse matumba a ufa popanda chikalata choti akaonetse akuluakulu ake ndi owerengera chuma. N'chifukwa chake tsamba la bungwe pa Facebook liyenera kukhala ndi nambala ya kalembera, malo amene bungwelo lili ndi maudindo a oliyendetsa. Bungwe lophika chakudya limafunikanso chilolezo cha azaumoyo a khonsolo, makamaka m'tauni ngati Chitungwiza, kumene madzi a m'mipope amavuta ndiponso kumene mliri wa kolera, womwe unapha anthu oposa 4,000 m'dziko lonse, unayambira mu Ogasiti 2008.

Kupempha chinthu chodziwika

Pempho longoti “tithandizeni” kawirikawiri siliyankhidwa. Wamalonda amafuna kudziwa chimene chikufunika, kuchuluka kwake, amene adzapindule ndi tsiku lodzatenga. Kalata ya pa imelo yonena kuti ana angati amadya phala pa sabata ndiponso kuti pamafunika makilogalamu angati a ufa ndi shuga ndi yosavuta kuiyankha, chifukwa woilandira amaona msanga mbali imene angakwanitse.

Kupempha katundu kulinso ndi ubwino wake poyerekeza ndi kupempha ndalama. M'dziko limene ndalama yasinthidwa kangapo, kufikira pa ZiG yomwe inayamba mu Epulo 2024, thumba la ufa silitsika mphamvu ngati ndalama yosungidwa. Ndiponso wamalonda amapereka katundu pa mtengo umene anagulira kapena kupangira, choncho zimamupepukira kusiyana ndi kutapa ndalama m'kabati.

Pempho liyeneranso kugwirizana ndi zimene wamalondayo ali nazo. Ophika buledi amatsala ndi buledi wadzulo. Masitolo amakhala ndi katundu amene tsiku lake layandikira kapena amene paketi yake yaphwanyika koma zam'kati zili bwino. Amayi ogulitsa ndiwo zamasamba pa msika wa Chikwanha amatsala ndi matimati ndi kabichi dzuwa likamalowa. Ogulitsa zipangizo zomangira pa Makoni angapereke penti kapena misomali yokonzera denga.

Njira yofikira aliyense ndi yosiyana. Makampani akuluakulu amafuna kalata ya pa imelo yopita ku likulu, ndipo yankho limatenga nthawi. Amalonda ang'onoang'ono amapezeka msanga pa WhatsApp, yomwe anthu ambiri ku Zimbabwe amagwiritsa ntchito, makamaka m'magulu a mipingo ndi a anthu okhala dera limodzi. Uthenga wobwera kudzera mwa munthu amene wamalondayo akumudziwa umamveka kuposa wochokera ku nambala yachilendo.

Mayendedwe ndi umboni

Katundu wolonjezedwa pa foni sadziyendera yekha. Mphepo yamkuntho ya Idai itawononga maboma a Chimanimani ndi Chipinge mu Malichi 2019, mauthenga a pa intaneti anasonkhanitsa zovala, mabulangete ndi chakudya chambiri ku Harare, kuphatikizapo pa tchalitchi cha Highlands Presbyterian. Ntchito yaikulu inali yosankha katunduyo, kumulongedza ndi kupeza magalimoto omufikitsa kumene misewu ndi milatho zinali zitakokoloka. Bungwe laling'ono nalonso liyenera kukonzeratu galimoto kapena ngolo, ndi malo ouma osungira, lisanatumize pempho. Buledi akachedwa kutengedwa amachita nkhungu, ndipo wopereka sabwerezanso.

Katundu akafika, bungwe lilembe risiti, litumize uthenga wothokoza ndi kufotokoza mmene wagawidwira. Ena amakondwa dzina la sitolo yawo likatchulidwa pa Facebook, pamene ena amakana poopa kuti opempha achuluka, choncho ndi bwino kufunsa kaye. Zithunzi za ana ndi odwala zisaikidwe pa intaneti popanda chilolezo cha makolo kapena eni ake.

Zimene ena achita

Ku South Africa, bungwe la FoodForward SA lili ndi njira yotchedwa FoodShare, yomwe imalumikiza masitolo akuluakulu ndi mabungwe olembetsedwa a m'dera lawo kuti azikatenga chakudya chotsala. Mabungwewo amayamba afufuzidwa asanaloledwe, ndipo zimene atenga zimalembedwa. Ku France, lamulo la m'chaka cha 2016 linaletsa masitolo akuluakulu kutaya chakudya chomwe chikadali chodyeka, ndipo limawauza kuti agwirizane ndi mabungwe othandiza anthu.

Ku Chitungwiza, komwe kalembera wa anthu wa 2022 anapeza anthu oposa 370,000, ntchito yolumikiza wopereka ndi wolandira ili m'manja mwa mabungwe eni ake. Foni ya m'manja yafupikitsa ulendo wopita kwa wamalonda, koma kuti thumba lachiwiri libwere zimadalira mmene loyamba linagwirira ntchito.