Kodi UNZA Pacers idzadzukanso? Mbeu yake iri m'makomboni mwathu

Aliyense woyenda madzulo m'Kalingalinga anaonapo anyamata atakhomera cingerengere ca njinga pa mtengo, naponyamo mpira wofwifwa mpaka mdima. Pansi ndi fumbi, nsapato ndi patapata, koma phokoso lao mungati ndi fainolo. Kutsidya kwa mpanda kuli yunivesite ya UNZA, kwao kwa timu ya basketball imene ine ndaicemerera zaka zambiri, UNZA Pacers.

Tsiku lina m'minibasi yopita ku tauni, mnyamata wa ku Matero anandifunsa moseka nati, "Atate, kodi mukali kusapota ana a sukulu aja? Bwerani ku Magic, mtima wanu upumule." Anthu anaseka, inenso ndinaseka. Koma funso lake linandikhala m'mutu, ndipo lero ndifuna kuliyankha bwino.

Poyamba ndithandize abale a kumudzi amene sanaonepo masewerawa. Basketball anaiyamba ndi mphunzitsi wina, James Naismith, mu 1891 ku Springfield m'dziko la America, pofuna kuti ophunzira ake azisewera m'nyumba nyengo yozizira. Zigoli zoyamba zinali madengu a zipatso. Timu iriyonse imalowetsa anthu asanu m'bwalo la mamita 28 m'litali ndi 15 m'lifupi, ndipo cigoli cimakhala m'mwamba mamita 3.05. Amasewera zigawo zinai za mphindi 10, ndipo timu ikagwira mpira iri ndi masekondi 24 cabe kuti iponye. Motero masewerawa anabadwira pa sukulu, ndipo timu ya ophunzira siyenera kukhala mlendo pa iwo.

Caka cimene sitiiwala

Ife ocemerera Pacers timakumbuka caka ca 2019. Pamene mabungwe a NBA ndi FIBA anakhazikitsa ligi ya matimu a mu Africa yochedwa BAL, timu yoyamba kuimira Zambia pa mipikisano yosankha olowa m'ligiyo inali ya ana a sukulu omwewa. Mu October anakasewera ku Johannesburg napambana kupita ku gawo laciwiri. Mu December anafika ku Kigali, m'dziko la Rwanda. Kumeneko ulendo unathera, pakuti malo atatu a cigawo cathu anatengedwa ndi Patriots ya ku Rwanda, GNBC ya ku Madagascar ndi Ferroviário de Maputo ya ku Mozambique. Sitinacite manyazi ai. Tinati mawa kuliko.

Mawa lija linabwera ndi Covid-19. Mu March 2020 masukulu anatsekedwa, ophunzira anabalalika kupita kwao, ndipo BAL yeniyeniyo inayamba mocedwa, mu May 2021. Kucokera pamenepo, amene anyamula mbendera ya Zambia ku mipikisano imeneyi ndi Matero Magic, ndiponso Munali Suns mu 2023. Dzina la Pacers linasowa pa mndandanda. Apa mpamene mnyamata wa m'minibasi uja anapezera mano ondiseka.

Cimabvuta n'ciani?

Ena amafulumira kuloza cala mphunzitsi wa timu. Ine ndiona kuti bvuto lagona pa cikhalidwe ca timu ya pa sukulu. Alimi mudzandimvetsa msanga. Timu wamba iri ngati munda wa mango: mukabzala ndi kusamala, mudzathyola zaka zambiri pa mitengo imodzimodziyo. Timu ya pa yunivesite iri ngati munda wa cimanga: caka ciriconse muyenera kubzalanso. Maphunziro ambiri amatha m'zaka zinai. Mwana amafika wosadziwa bwino, caka caciwiri ayamba kuumbika, cacitatu akhwima, ndipo pamene wafika popsa, wabvala mkanjo wa digiri, wapita.

Nanga apita kuti? Amapita kumene kuli nchito. Matimu monga Green Buffaloes ya asilikali, Napsa Hurricanes ndi LCC Looters ya khonsolo ali ndi mabungwe kumbuyo kwao. Sitingamunene mwana amene wasankha kokapeza ca pakamwa, pamene makolo ake anagulitsa mbuzi ndi matumba a nshawa kuti iye aphunzire.

Caciwiri ndi nthawi. Ligi sidikira mayeso. Wosewera wa timu ina akaweruka ku nchito amapita ku bwalo mtima uli m'malo, koma wophunzira amafika atacezera mabuku usiku wonse. Akalephera mayeso, sukulu yatha, timunso yatha.

Cacitatu ndi mimba. Tikumbuke kuti mu 2019 boma linacotsa ndalama za cakudya za ophunzira a m'mayunivesite ake, ndipo zinabwezedwa mu 2023. Pa zaka zimenezo ana ambiri anali kudya kamodzi pa tsiku. Basketball ndi masewera othamanga osapumira. Munthu wa njala m'cigawo cacinai miyendo imamukana. Onjezani mtengo wa nsapato, mipira, ndi basi yopita ku Copperbelt, mudzaona kuti kupambana sikucokera m'manja mokha.

Cifukwa cace sinditaya mtima

Tsono mverani mbali inayo. Cimene cimafooketsa Pacers ndico comwe cingaipatse mphamvu. Pacers ingalonjeze mwana cinthu cosatha monga maphunziro. Bondo limathyoka, msinkhu umapita, koma digiri ikhalabe m'sutikesi. Kufikira mu 2025 panalibe timu ya Zambia imene inalowa m'ligi yeniyeni ya BAL, ndipo owerengeka okha ndiwo angadye za basketball moyo wao wonse. Kholo lanzeru likafunsidwa kumene mwana wake wamtali apite, liyenera kuganiza kawiri lisanakane sukulu.

Ndiponso mbeu iripo. Matero Magic yationetsa kuti komboni ingabale akatswiri ogonjetsa dziko lonse. Ana a ku Mtendere, Chawama, Kanyama ndi George sasiyana ndi a ku Matero. Kucokera mu 2022 maphunziro ndi aulere mpaka kumaliza sekondale, ndiye kuti ana ambiri a m'makomboni tsopano ali ndi mwai wofika pa khomo la yunivesite. Bwalo la OYDC, limene linatsegulidwa mu 2010, lakhala likuphunzitsa ana masewera osiyanasiyana. Cosowa ndi mlatho pakati pa cingerengere ca njinga cija ndi holo ya masewera ya pa UNZA.

Anansi athu a ku Angola atiphunzitsa kudekha. Timu ya dziko lao yatenga cikho ca Africa ka 12, komaliza mu 2025, ndipo Petro de Luanda inatenga BAL mu 2024. Sanafike pamenepo ndi caka cimodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zoyenera kucita

Ine monga wocemerera ndipempha zinthu zitatu. Coyamba, amene anasewerera Pacers ndi alongo ao a UNZA Honeys, lero ali m'maofesi, m'mabanki ndi m'zipatala, akumbuke kumene anacokera. Akasonkherana mwezi ndi mwezi angalipirire ana awiri kapena atatu a luso, ndi kugula nsapato za timu yonse. Mutu umodzi susenza denga.

Caciwiri, osewera a lero atuluke mu mpanda. Loweruka m'mawa apite ku masukulu a m'Kalingalinga ndi Mtendere akaphunzitse ana kugwira mpira, ndi kuwauzanso kuti khomo lolowera m'timu iyi ndi masamu ndi Cingerezi. Imeneyo ndiyo nazale ya timu, ndipo mlimi wopanda nazale amagula mbande zodula kwa anzake.

Cacitatu ndi ca ife eni makomboni. Ndalama za CDF zinakwera mu 2022 kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuwensi iriyonse, ndipo zakhala zikuonjezeka. Inde, madzi, ngalande ndi madesiki ziri patsogolo. Koma pa misonkhano ya m'mawadi, wina aimirire achuleko bwalo limodzi la simenti ndi zigoli ziwiri. Malo ake ndi ocepa kwambiri poyerekeza ndi bwalo la mpira wa miyendo, ndipo mwana amene ali pa bwalo madzulo sali ku shabini kapena m'magulu osautsa anthu m'misewu.

Kodi Pacers idzatenga cikho caka camawa? Sindilonjeza, ndipo wocemerera woona sanama. Koma ndikhulupirira kuti timu imene ibzala caka ndi caka singasowe cokolola mpaka kale. Tsono iwe mwana wanga wa ku Matero, sangalala ndi Magic yako, yakuyenera ulemu. Ine mpando wanga sindisintha. Tidzakumana pa bwalo, ndipo ukaona mnyamata wamtali wa ku Kalingalinga atabvala yunifomu ya UNZA, udziwe kuti anayambira pa cingerengere ca njinga.