Kodi Mudzi Wanu Uli pa Mapu?

Mlendo akakufunsani njira ya ku Chia, mumatani? Mumatola kamtengo ndi kujambula pamchenga. Apa mseu, apa mlatho, apa nyanja. Amenewotu ndi mapu. Koma mapu a pamchenga sakhalitsa. Mwera ukaomba, basi afafanizika.

Mapu a kale

Kale mapu a dziko lino ankajambulidwa ndi alendo. David Livingstone anafika pa Nkhotakota m'chaka cha 1863 nakumana ndi Jumbe. Azungu a nthaŵi imeneyo ankalemba dzina la malo ano kuti Kota Kota. Mapu awo anali a pepala, ndipo ankasungidwa m'maofesi. Mtsinje ukasintha njira, kapena mudzi ukasamuka, mapu ankakhalabe chomwecho zaka zambiri.

Mapu a lero

Lero mapu ambiri amasungidwa m'makompyuta. Amatumizidwa pa intaneti monga m'mene uthenga umayendera pa foni. Munthu wa ku Dwangwa ndi wa ku Lilongwe angathe kuona mapu amodzimodzi nthaŵi yomweyo.

Nanga malo amadziŵika bwanji? Mumlengalenga muli makina ozungulira dziko otchedwa masetilaiti. Foni ya makono imamva zizindikiro zochokera ku makinawo, ndipo imapereka manambala aŵiri osonyeza pamene mwaima. Njira imeneyi imatchedwa GPS. Mukaima pa mjigo wa m'mudzi mwanu, manambalawo ndiwo keyala ya mjigowo.

M'nkhalango yosungira nyama ya Nkhotakota amagwiritsa ntchito njira yomweyi. M'zaka za 2016 ndi 2017 anabweretsamo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Zina anaziveka malamba m'khosi osonyeza kumene zili. Motero alonda amaona pa mapu ngati njovu zikuyandikira minda ya anthu.

Kugaŵana mapu

Mutu umodzi susenza denga. A zaumoyo amadziŵa pamene pali zipatala. A zamaphunziro amadziŵa pamene pali masukulu. A zamadzi amadziŵa pamene pali mijigo. Aliyense akasunga zake m'kabati, palibe amene aone chithunzi chonse.

Nchifukwa chake m'chaka cha 2012 boma linatsegula nkhokwe ya mapu pa intaneti yotchedwa MASDAP, kuti maofesi aziikamo mapu awo ndi kutengamo a anzawo mwaulere. Palinso mapu a dziko lonse lapansi otchedwa OpenStreetMap, amene anayamba ku Britain mu 2004. Mapu ameneŵa alibe mlembi mmodzi. Aliyense angathe kuwonjezamo nyumba, njira kapena chitsime. Mu 2014 anthu a ku Nsanje ndi ku Chikwaŵa anathandiza kuikamo midzi yawo chifukwa cha vuto la kusefukira kwa madzi.

Zikukukhudzani bwanji?

Kumbukirani mwezi wa Febuluwale 2024 usanathe, pamene mtsinje wa Dwangwa unasefukira. Nyumba zinagwa, mseu unaduka, ndipo anthu zikwizikwi anasoŵa pokhala. Pa tsoka lotere obwera ndi maboti amakhala alendo. Amafuna kudziŵa msanga: midzi ili pati? Mtunda wothaŵirako uli kuti? Sukulu yapafupi ndi iti? Mudzi wosalembedwa pa mapu ukhoza kulandira chithandizo pambuyo pa anzake.

Chithunzi chojambulidwa kumwamba chimaonetsa madenga okha. Sichidziŵa dzina la mudzi. Sichidziŵa kuti mjigo uja unafa, kapena kuti dooko lija limamira m'dzinja. Odziŵa zimenezi ndinu.

Zoyenera kuchita

Ojambula mapu akafika, afunseni kumene achokera ndi chimene akufuna. Ayenera kuyamba aonekera kwa a mfumu.

Auzeni maina enieni a midzi, mitsinje ndi madooko. Popeza tsopano mudziŵa kuŵerenga, onani ngati alemba bwino.

Asonyezeni pamene madzi anafika chaka cha chigumula.

Chenjerani: mapu a pa foni saweruza mlandu wa malire a munda. Nkhani yotere ipite kwa a mfumu ndi ku ofesi ya za malo.

Kambiranani m'kalasi

1. Jambulani mapu a mudzi wanu. Mwaikamo chiyani?
2. Madzi atasefukira usiku uno, mungathaŵire kuti?
3. Ndi malo ati a kwanu amene mlendo sangaŵadziŵe popanda inu?