Vanila amafuna dzanja la mlimi

Mlongo wanga atandituma kukagula kabotolo ka vanila kothira mu keke, ndinadabwa kupeza kena kotchipa, kena kodula kwambiri. Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti vanila ndi mankhwala onunkhira opangidwa kufakitale basi. Kotchipako n'kotero ndithu, koma kodulako gwero lake ndi kumunda.

Vanila ndi chomera choyanga, chimakwera mumtengo ngati kalongonda. Chimakonda mthunzi ndi chinyezi, ndipo mlimi amadikira zaka pafupifupi 3 asanaone duwa. Kwawo ndi ku Mexico, koma lero wambiri amalimidwa ku Madagascar. Ku Uganda nakonso amalima.

Ntchito yaikulu ili pa duwa. Limatseguka tsiku limodzi lokha, ndipo ku Madagascar kulibe njuchi zolibereketsa. Choncho m'mawa uliwonse mlimi amayendera mbewu zake atatenga kamtengo konga kotokosera m'mano. Amatukula kakhungu kamkati mwa duwa, n'kukanikiza ndi chala mbali yaimuna kuti ikhudze yaikazi. Duwa lililonse palokha! Akachedwa, lafota. Njirayi anaitulukira Edmond Albius, mnyamata wa zaka 12 amene anali kapolo pachilumba cha Réunion, mu 1841.

Zipatso zake zimafanana ndi zitheba. Zimakhwima patatha miyezi pafupifupi 9, koma pothyola sizinunkhira ayi. Amene anasamalapo fodya amvetsa zotsatirazi: amaziviika m'madzi otentha, amazifunditsa mabulangete, amaziyanika padzuwa n'kuzisunga miyezi ingapo mpaka zitada bii, fungo lija n'kutuluka.

Inu amene mukufuna kuyesa mbewuyi, yambani mwabzala mitengo ya mthunzi yoti idzayangepo.